Kusintha injini ya galimoto: chifukwa chake mawaya ndi kompyuta ziyenera kugwirizana

Nyengo yokolola ikafika ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, galimoto imakhala chida cha ulimi chofunika ngati khasu. Mbatata ya kachewere, tomato, kabichi, nyemba ndi chimanga zimayenera kuchoka kumunda n'kukafika pa msika wa ku Ulónguè, ku Moatize, mu mzinda wa Tete kapena pa misika ya m'malire zisanaonongeke. Ndi nthawi yomweyonso imene eni mapikapu, malole aang'ono ndi ma chapa amakhala ndi kandalama m'thumba, ndipo ambiri amaganiza zotsitsa injini yotopa n'kukweza ina yoyendapo kale, yochokera ku Japan kapena ku South Africa.

Kale ntchito imeneyi inkatha ndi masipanala ndi tcheni chonyamulira. Injini ikakhala bwino pa miyendo yake n'kugwirana ndi giyabokisi, chotsala chinali kulumikiza mawaya ochepa basi. Masiku ano injini zambiri zimalamulidwa ndi kompyuta. Injini ikhoza kukhala yabwinobwino, yomangidwa mwaluso, koma n'kukana kulira chifukwa pulagi imodzi siikulowa, kapena chifukwa kompyuta siikumudziwa kiyi. Zikatero galimoto imagona pa galaja milungu ingapo, katundu akuwola kumunda, ndalama zikupita kwa eni magalimoto ahayala.

Hanesi ndi chiyani

Hanesi ndi mtolo wa mawaya omangidwa pamodzi ndi tepi kapena olowetsedwa m'kapaipi ka pulasitiki, wokhala ndi mapulagi kumapeto kwa nthambi zake. Amakaniko amene adaphunzira ntchito m'Chipwitikizi amati cablagem, pamene a tsidya la Malawi ndi Zambia amati hanesi. Galimoto imakhala ndi mahanesi angapo. Ya pa injini imafika ku masensa, ku mainjekita, ku sitata ndi ku olitaneta. Ya kuseri kwa dashibodi imalumikiza poyatsira kiyi, mageji ndi bokosi la mafyuzi. Ina imayenda ndi thupi la galimoto kupita ku nyali ndi ku thanki. Zonsezi zimakumana pa mapulagi akuluakulu, nthawi zambiri pafupi ndi khoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu. Posintha injini, mavuto ambiri amabadwira pa mapulagi amenewa, chifukwa hanesi yobwera ndi injini idapangidwira thupi la galimoto ina.

Mawaya a mu hanesi sagwira ntchito yofanana. Okhuthala amanyamula magetsi ambiri opita ku sitata ndi ku mahita. Ena amanyamula mavolti 12 ochokera ku batire kudzera pa fyuzi. Ena oonda amanyamula mavolti 5 okha ochokera mu kompyuta kupita ku masensa, ndipo waya wotere akakhudzana ndi wa mavolti 12, sensa kapena kompyuta imapsa. Palinso mawaya obwezera magetsi ku chitsulo cha galimoto, amene ena amati massa ndipo ena amati earth. Mawaya a sensa ya crankshaft amakutidwa ndi kaukonde ka chitsulo kowateteza ku phokoso la magetsi ochokera ku zida zina.

Maonekedwe a waya sayenera kudaliridwa. Waya wofiira pa galimoto ina akhoza kukhala wa magetsi a batire, koma pa galimoto ya kampani yomweyo ya chaka china n'kukhala wa sensa. Chodalirika ndi chithunzi cha mawaya cha galimotoyo, chimene chimasonyeza ntchito ya pini iliyonse ya pa pulagi.

Ntchito ya kompyuta ya injini

Kompyuta ya injini ndi kabokosi kachitsulo kapena kapulasitiki kamene kamakhala kuseri kwa dashibodi, pansi pa mpando kapena pambali pa injini. M'Chipwitikizi ndi centralina, ndipo pa mabuku a amakaniko imalembedwa ECU kapena ECM. Ntchito yake ndi kumva zimene masensa akunena, kenaka n'kulamula kuchuluka kwa mafuta olowa mu injini ndi nthawi yake yeniyeni yolowera. Pa injini ya petulo imalamulanso nthawi yothethekera moto pa mapulagi a moto.

Sensa yofunika koposa ndi ya crankshaft. Imawerenga mano a kagudumu kozungulira ndi injini, ndipo kompyuta imadziwira pamenepo liwiro la injini ndi pamene pisitoni iliyonse ili. Pa injini ya Toyota ya 1NZ-FE kagudumuko kali ndi mano 34 ndi mpata wa mano 2 osowa. Kompyuta yoyembekeza mawerengedwe amenewa ikapatsidwa injini ya mano osiyana, imalephera kuwerenga ndipo siitulutsa mafuta. Masensa ena ndi a camshaft, a kutentha kwa madzi, a mpweya wolowa, a utsi wotuluka ndi a pa chopondera faya.

M'kati mwa kompyuta iliyonse mudalembedwa miyeso ya injini imodzi: kukula kwake, mtundu wa mainjekita, mphamvu ya turbo, giyabokisi yoyenda nayo ndi malamulo a utsi a dziko limene galimotoyo idagulitsidwa. Ndi chifukwa chake makompyuta awiri ooneka chimodzimodzi, olowa pulagi imodzi, akhoza kuyendetsa injini mosiyana. Chozindikirira ndi nambala ya pa pepala lomata pa kabokosiko. Pa Toyota nambalayi nthawi zambiri imayamba ndi 89661, ndipo manambala otsatira ndiwo amasiyanitsa. Hanesi ya injini nambala yake imayamba ndi 82121.

Mibadwo itatu ya injini za dizilo

Injini za dizilo za Toyota Hilux ndi Hiace, zimene zili zambiri m'misewu ya m'malire, zimaonetsa bwino kusiyana kumeneku.

Mbadwo woyamba ndi wa pampu yoyenda yokha popanda kompyuta. Muli 2L ya malita 2.4, 3L ya malita 2.8, 5L ya malita 3.0, komanso 1HZ ya malita 4.2 ya mu Land Cruiser. Kuti injini yotere ilire imafuna mawaya ochepa: wa sitata, wa solenoid yotsegula ndi kutseka mafuta pa pampu, ndi a mahita. Pamwamba pake pamabwera a olitaneta, a geji ya kutentha ndi a nyali ya oyilo. Injini za 2L, 3L ndi 5L zimasinthana mosavuta chifukwa ndi za banja limodzi.

Mbadwo wachiwiri ndi wa pampu yooneka ngati yakale koma yolamulidwa ndi kompyuta. Muli 1KZ-TE ya malita 3.0, imene idayamba m'chaka cha 1993, ndi 5L-E. Chilembo E chakumapeto chimatanthauza kuti mafuta amalamulidwa ndi magetsi. Pampu yake ili ndi mavavu amene satsegula popanda lamulo la kompyuta. Munthu wogula 5L-E akuyesa kuti ndi 5L wamba amadzadabwa kuona mapulagi ambiri pa pampu koma mu galimoto mwake mulibe powalumikiza. Njira zilipo ziwiri: kupeza kompyuta ndi hanesi yake, kapena kuchotsa pampu ya magetsi n'kuikapo yopanda kompyuta ya banja lomwelo, ntchito imene imafuna katswiri wa mapampu woti atchere nthawi ya mafuta.

Mbadwo wachitatu ndi wa common rail, umene Toyota imautcha D-4D. Muli 1KD-FTV ya malita 3.0 ya m'chaka cha 2000, 2KD-FTV ya malita 2.5 ya mu 2001, ndi 1GD-FTV ndi 2GD-FTV za mu 2015. Pano dizilo amapanikizidwa m'paipi imodzi kupitirira ma bar 1,300, ndipo injekita iliyonse imatsegulidwa ndi magetsi. Kusintha pampu yokha sikungaibweze injini yotere ku mbadwo wakale. Pa injini za KD pali kabokosi kachiwiri kotchedwa EDU, kamene kamakweza mphamvu ya magetsi otsegulira mainjekita. Popanda iko injini siilira. Pa Hilux ya KD ya kuyambira 2005, injekita iliyonse ili ndi manambala ndi zilembo 30 zolembedwa pamutu pake, zimene zimayenera kulowetsedwa mu kompyuta ndi makina oyezera. Injini ikasinthidwa koma kompyuta n'kutsala ndi manambala a mainjekita akale, injini imagogoda, imafuka utsi kapena imanjenjemera ikaima.

Mphamvu ya dizilo wa mu common rail imaboola khungu. Paipi yake siimasulidwa injini ikulira, ndipo podontha sapafufuza ndi dzanja.

Dzina limodzi, mawaya osiyana

Kufanana kwa dzina la injini si umboni woti mawaya agwirizana. Injini ya petulo ya 1NZ-FE, ya malita 1.5, idayamba mu 1999 ndipo imapezeka mu Corolla, Probox, Sienta ndi magalimoto ena ambiri. Zoyambirira zimakoka faya ndi chingwe chochokera pa chopondera. Za pambuyo pake zilibe chingwe: chopondera chimatumiza uthenga ku kompyuta, ndipo kompyuta imatsegula mpweya ndi kamota. Probox yoyamba ya mu 2002 ndi Probox yokonzedwanso ya mu 2014, imene ili ndi giyabokisi ya CVT, zonse zili ndi 1NZ-FE, koma mahanesi ndi makompyuta ake sasinthana. Palinso 1NZ-FXE ya mu Prius ndi Aqua, magalimoto oyendera petulo ndi batire lalikulu pamodzi. Chilembo X chokhacho chikusonyeza injini ya mapangidwe ena, yosayenera kugulidwa m'malo mwa 1NZ-FE.

Injini ikakhala ya dzina lomwelo, njira yodalirika ndi kusunga hanesi ndi kompyuta za galimoto, n'kusamutsa zida za kunja kwa injini yakale kupita pa yatsopano: cholowera mpweya, masensa, mainjekita ndi makoyilo, malinga n'zamoyo ndiponso zikukwana. Potero kompyuta imapitiriza kuona zida zimene imazidziwa. Pa chifukwa chimenechi injini yakale siiyenera kugulitsidwa kwa ogula zitsulo ntchito isanathe.

Giyabokisi nayonso imalowapo. Pa magalimoto ambiri a automatic, kompyuta ya injini ndi yomweyo imene imasintha magiya. Ikaikidwa pa galimoto ya manual imafunafuna zida za giyabokisi zimene palibe, imayatsa nyali ya injini pa dashibodi, ndipo nthawi zina imachepetsa mphamvu.

Mbali ya chiongolero ndi nkhani inanso. Ku Mozambique, Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi Japan magalimoto amayenda kumanzere kwa msewu, chiongolero chili kumanja. Hanesi yochokera mu galimoto ya chiongolero cha kumanzere imatulukira mbali ina ya khoma, ndipo kawirikawiri siifika pamene kompyuta iyenera kukhala.

Kiyi wa chip ndi loko wa magetsi

Magalimoto ambiri opangidwira msika wa South Africa ndi wa ku Ulaya ali ndi loko wa magetsi woletsa kuba, wotchedwa immobiliser. M'mutu mwa kiyi muli kachip kopanda batire. Kiyi akalowa, kamkombero ka waya kozungulira poyatsira kamawerenga nambala ya kachipko n'kuitumiza ku kabokosi ka loko, ndipo kabokosiko kamauza kompyuta ya injini kuti ilole mafuta. Zinthu zitatuzi, kiyi, kabokosi ka loko ndi kompyuta, zimakhala zodziwana kuchokera ku fakitale. Chimodzi chikakhala chachilendo, sitata imazungulitsa injini bwinobwino koma injini siigwira, kapena imalira pang'ono n'kuzima. Kanyali ka chitetezo ka pa dashibodi kamapitiriza kuphethira ngakhale kiyi ali m'malo mwake. Pa Toyota makina oyezera amaonetsa nambala ya vuto B2799 pamene kompyuta ndi kabokosi ka loko sizikumvana.

Eni magalimoto ambiri aononga ndalama pogula pampu, sensa kapena mainjekita ena pamene vuto linali loko. Wogula injini pamodzi ndi kompyuta yake ayenera kufunsa ngati galimoto imene zidachokera inali ndi loko wotere. Ngati inali naye, atengenso kiyi, kamkombero kowerengera ndi kabokosi ka loko, zonse za galimoto imodzi. Zikasowa, pamafunika katswiri wokhala ndi makina olembetsera kiyi watsopano mu kompyuta, ndipo akatswiri otere amapezeka m'mizinda ikuluikulu osati pa galaja iliyonse ya pa boma. Kuchotseratu loko mu kompyuta kumatheka pa mitundu ina, koma galimoto imatsala yosavuta kuba.

Makompyuta olankhulana

Galimoto ya masiku ano ili ndi makompyuta angapo: ya injini, ya giyabokisi, ya mabuleki a ABS, ya dashibodi ndi ya airbag. Amalankhulana kudzera pa mawaya awiri opotana, njira yotchedwa CAN, imene kampani ya Bosch ya ku Germany idaionetsa koyamba mu 1986. Pa mawaya awiriwa pamadutsa mauthenga ambiri nthawi imodzi, monga liwiro la galimoto, liwiro la injini ndi kutentha kwa madzi.

Zotsatira zake zimaonekera mbali zonse ziwiri. Injini yatsopano ikakwezedwa mu galimoto yakale, kompyuta yake imadikira mauthenga ochokera ku makompyuta amene m'galimotomo mulibe. Ikasowa uthenga wa liwiro imalemba vuto P0500, ndipo ina imadziteteza pochepetsa mphamvu, galimoto n'kumalephera chitunda ngakhale dalaivala aponde faya mpaka pansi. Injini yakale ya 3L kapena 5L ikakwezedwa mu thupi latsopano la Hilux kapena Hiace, monga ena amachitira pothawa mtengo wa mainjekita a common rail, injini imalira ndithu koma dashibodi imakhala yosamva. Geji ya liwiro la injini imagona, ya kutentha siisuntha, ndipo nyali zochenjeza zimangoyaka. Choopsa ndi geji ya kutentha: galimoto yodzaza matumba ikukwera mapiri a ku Tsangano, injini ikhoza kuwira dalaivala osadziwa. Posintha kotere pamayenera kuikidwa geji ya kutentha ndi nyali ya oyilo zapadera, zolumikizidwa pa injini penipeni.

Polumikizira makina oyezera ndi pulagi ya mapini 16 ya pansi pa chiongolero, yotchedwa OBD-II, imene idakhala lamulo ku United States kuyambira 1996 ndipo kenaka idafala kwina. Pini 16 imabweretsa magetsi a batire, 4 ndi 5 ndi za massa, 6 ndi 14 ndi za CAN, ndipo 7 ndi ya njira yakale yolankhulirana. Aliyense woika injini ya kompyuta mu galimoto yakale ayenera kuikanso pulagi imeneyi pamodzi ndi nyali ya injini. Popanda zimenezi, tsiku lodzavuta galimoto makaniko adzangolota. Batire litachotsedwa, mita ikayeza pakati pa pini 6 ndi 14 pa galimoto ya CAN yolumikizidwa bwino imaonetsa ma ohm pafupifupi 60.

Mavolti 12, mavolti 24 ndi mabuleki

Mapikapu ndi ma chapa ambiri amayendera mavolti 12. Malole aang'ono ambiri ochokera ku Japan, monga Mitsubishi Canter, Isuzu Elf ndi Toyota Dyna za dizilo zolemera, amayendera mavolti 24 ochokera m'mabatire awiri olumikizidwa motsatana. Injini yochokera mu galimoto ya 24 ikamapita mu ya 12, kapena mosinthanitsa, sitata, olitaneta, mahita ndi solenoid ya pampu ziyenera kusinthidwa kuti zigwirizane ndi galimoto. Kompyuta ya 12 ikalandira 24 ikhoza kupsa. Kutapa mavolti 12 pa batire limodzi mwa awiriwo kumachititsa kuti mabatire asamadzaze mofanana, ndipo onse amafa msanga.

Mahita asanyozedwe. M'miyezi ya Juni ndi Julaye ku mapiri a Angónia ndi Tsangano kumazizira kwambiri m'mamawa, ndipo injini za L ndi KZ zimavuta kulira popanda mahita ogwira bwino. Pa injini za kompyuta, nthawi yotenthera mahita imalamulidwa ndi kompyutayo. Ikachotsedwa, pamafunika relay ndi chowerengera nthawi china, chifukwa mahita osiyidwa oyaka amapsa.

Olitaneta imakhudzanso mabuleki. Chothandizira mabuleki chimagwira ntchito ndi mpweya wokokedwa. Injini ya petulo imaukoka yokha, koma ya dizilo imafuna kapampu kapadera. Pa 2L, 3L ndi 5L kapampuko kali kumbuyo kwa olitaneta, pamene pa injini za KD kali pa injini penipeni. Kuika olitaneta yopanda kapampu pa injini ya L, kapena kuiwala paipi yake posintha kuchoka ku petulo kupita ku dizilo, kumalimbitsa chopondera mabuleki ngati mwala. Galimoto yonyamula katundu pa chitsetso singaime mwachangu.

Zoyenera kutenga pamodzi ndi injini

Safunsa adadya phula. Asanalipire, wogula ajambule ndi foni dzina ndi nambala ya injini yake yakale, mapulagi ake onse, nambala ya pa kompyuta ndi nambala ya chasisi, kuti akayerekeze kwa wogulitsa. Ngati injini yatsopano ndi ya mtundu wina ndipo ili ndi kompyuta, zoyenera kubwera nayo ndi izi: hanesi yonse ya injini yosadulidwa, kompyuta, EDU ngati ndi ya KD, sensa ya mpweya ndi bokosi lake, chopondera faya cha magetsi, bokosi la mafyuzi ndi ma relay, kiyi ndi zida za loko, komanso mapulagi a mbali ya dashibodi okhala ndi mawaya otsalako pang'ono. Zida zonsezi zichokere mu galimoto imodzi.

Ophwasula magalimoto ambiri amadula hanesi pa khoma ndi chodulira zitsulo kuti injini ituluke msanga. Hanesi yodulidwa imasiya mawaya makumi angapo oti alumikizidwe limodzilimodzi, ndipo mtengo wa ntchitoyo umadya phindu la kutchipa kwa injini. Ndi chifukwa chake amakaniko ambiri amakonda half cut, kutanthauza theka lakutsogolo la galimoto lodulidwa lathunthu, lokhala ndi injini, giyabokisi, dashibodi, mawaya ndi kompyuta zili m'malo mwake. Imakwera mtengo ndipo imavuta kunyamula, koma zonse zili momwemo.

Kalumikizidwe koyenera

Ntchito ya mawaya ndi ya mmisiri wa magetsi a galimoto, electricista, ndipo si makaniko aliyense wodziwa kumanga injini amene amaidziwa. Batire limachotsedwa ntchito isanayambe. Ngati miyendo ya injini ikufuna kuwotcherera, mapulagi a kompyuta amazulidwa kaye, chifukwa magetsi a makina owotcherera amadutsa m'mawaya n'kuipsereza. Kulumikiza batire mozondoka, ngakhale kwa kamphindi, kumaononga kompyuta ndi olitaneta.

Mawaya sapotedwa ndi zala n'kukulunga tepi. M'misewu yafumbi ndi yamabampu mfundo yotere imamasuka, madzi a dzinja amalowa, ndipo galimoto imayamba kuzima mwa apo ndi apo. Mfundo yabwino imapanidwa ndi chopanira kapena kumatidwa ndi mtovu, kenaka n'kuvekedwa kapaipi kofota ndi moto. Waya aliyense wochokera ku batire adutse pa fyuzi ya mlingo wake. Kuika waya kapena pepala la ndudu m'malo mwa fyuzi ndi njira yachidule yopsereza galimoto. Hanesi imangidwe kutali ndi paipi ya utsi, turbo ndi malamba, ndipo podutsa pa chitsulo pakhale mphira. Mawaya a massa amangidwe pa chitsulo chopalidwa bwino, kuchokera pa batire kupita pa injini ndi pa thupi. Poyeza mawaya a masensa pagwiritsidwe ntchito mita, osati babu.

Pa injini ya petulo, pampu ya mu thanki imayatsidwa ndi kompyuta kudzera pa relay, ndipo imazima injini ikazima. Ena amailumikiza pa kiyi mwachindunji kuti ntchito ithe msanga. Pakachitika ngozi paipi n'kuduka, pampu yotere imapitiriza kupopa petulo. Fani ya magetsi ya pa rediyeta nayonso iyesedwe kuti ikuyaka yokha injini ikatentha. Pa dizilo, waya wa nyali yochenjeza za madzi mu sefa ya mafuta usasiyidwe, makamaka kumidzi kumene dizilo amagulidwa m'zigubu, popeza madzi ndi fumbi zimapha mainjekita a common rail.

Injini ikakana kulira

Chizindikiro choyamba ndi nyali ya injini ya pa dashibodi. Kiyi akatembenuzidwa injini isanalizidwe, nyaliyo iyenera kuyaka. Ikapanda kuyaka, nthawi zambiri kompyuta siikulandira magetsi kapena massa, ndipo poyambira ndi fyuzi, relay ndi mawaya a massa. Ikayaka koma injini n'kumangozungulira, makina oyezera alumikizidwe. P0335 ikuloza ku sensa ya crankshaft kapena mawaya ake, P0340 ku ya camshaft, P0100 ku ya mpweya, ndipo U0100 ikutanthauza kuti makompyuta ena sakuimva ya injini. Nambala ya vuto imaloza dera, siinena kuti sensa yafa. Pambuyo posintha injini, wolakwa kawirikawiri amakhala waya kapena pini yolowa malo olakwika. Pa Toyota zakale zopanda pulagi ya mapini 16, kulumikiza TE1 ndi E1 mu kabokosi koyezera ka pambali pa injini kumachititsa nyali kuphethira manambala a vuto.

Injini ikalira, ntchito siidathe. Batire lodzaza limaonetsa mavolti pafupifupi 12.6 injini ili chete, ndipo ikulira pakhale pakati pa 13.5 ndi 14.5. Galimoto iyesedwe itanyamula katundu, pa chitunda ndi pa chitsetso, uku mageji, mabuleki ndi nyali zochenjeza zikuyang'anidwa. Ndi nzeru kupangana ndi makaniko kuti gawo lotsiriza la malipiro liperekedwe pambuyo pa kuyesa kumeneku, ndiponso kuti alembe papepala mawaya amene wasintha. Pepalalo lisungidwe m'galimoto kuti lidzathandize mmisiri wina mtsogolo.

Mapepala a injini

Livrete ya galimoto imasonyeza nambala ya injini, kukula kwake ndi mtundu wa mafuta. Injini ikasinthidwa, zolembedwazo siziyenderananso ndi galimoto, ndipo mwini wake ayenera kukakonzetsa ku INATRO, bungwe la boma loyang'anira za magalimoto ndi mayendedwe a pamsewu. Risiti yogulira ikhale ndi nambala ya injiniyo. Injini yogulidwa kunja kwa dziko idutse pa alfândega, kaya ndi pa Zóbuè, Calómuè, Biri-Biri, Cassacatiza kapena Cuchamano, ndipo mapepala ake asungidwe. Injini yopalidwa nambala isagulidwe ngakhale itatchipa motani, chifukwa ikhoza kukhala yobedwa. Kwa alimi ndi amalonda amene amaoloka malire kawirikawiri nkhaniyi ndi yaikulu, popeza apolisi ndi a kasitomu a mbali zonse akhoza kuyerekeza nambala ya pa injini ndi ya pa mapepala.

Kusankha njira

Njira yotsika mtengo ndi yosavuta ndi kubwezera injini ya dzina lomwelo ndi ya zaka zomwezo, n'kusunga hanesi ndi kompyuta za galimoto. Yachiwiri ndi kusinthana injini zopanda kompyuta za banja limodzi, monga 3L ndi 5L, zimene amakaniko a pa boma amazidziwa bwino ndipo zida zake zimapezeka pafupi. Yachitatu ndi kukweza injini ya mbadwo wina. Imeneyi imapatsa mphamvu zambiri, koma imafuna zida zonse za galimoto imodzi, chithunzi cha mawaya, makina oyezera ndi mmisiri amene adaigwirapo kale. Powerengera ndalama, mwini galimoto aphatikize mtengo wa hanesi, kompyuta, kiyi, ntchito ya mmisiri ndi mapepala, komanso mtunda wopita kwa katswiri wapafupi galimoto ikadzavuta. Nthawi yabwino yogwira ntchitoyi ndi pamene kudakali milungu ingapo kukolola kusanayambe, kuti vuto la mawaya likapezeka lithe katundu asanaunjikane kumunda.